Eti zinthu zimasintha ngati tiyi pa mbaula? Tandithandizeni maganizo

MlembiWaBanki_Chinamwali

Moni nonse abale. Ndili ndi funso koma musandiseke. Kodi n'chifukwa chani pagulu la anthu mukasintha lamulo kumakhala zii ngati palibe chachitika, kenako tsiku lina osaliyembekezera zonse n'kuphulika kamodzi?

Ndikufunsa chifukwa cha banki mkhonde yathu kuno ku Chinamwali, ine ndine mlembi. Tinagwirizana kuti tisiye zobwera ndi makashi pa mkumano, aliyense azitumiza masheya ndi zobweza ngongole pa foni, sinanga akuba achuluka komanso msungichuma wathu ankadandaula kuti sagona tulo bokosi likakhala kwawo. Tsiku limenelo palibe anakana, manja onse m'mwamba. Miyezi inadutsa bwinobwino, mabuku akugwirizana, palibe ndi tambala yomwe yosowa. Nde mkumano wathawu zinangoyamba ndi kankhani kakang'ono, ndalama imene amadula potapa ija azilipira ndani, wobwereka kapena gulu, eee mpaka amayi akuluakulu kulozana zala, ena akuti chiyambireni za fonizi ndalama sitiiona ndi maso nde tidziwa bwanji kuti ilipo, ena akuti ife opanda foni timachita kupempha ana ndipo pano ana akudziwa ndalama zathu zonse, ena akuti mkumano unasanduka wongowerengerana mameseji munthu sumva ngati uli pa banki. Zonsezi palibe anazitchulapo m'mbuyo monsemu. Pano gulu latsala pang'ono kugawikana pawiri.

Nditamufotokozera mchimwene wanga wamng'ono amene ali ku Chanco anangoseka, akuti achemwali zimenezo ndi tiyi basi. Akuti chinthu chokhala ndi mbali zambiri zolumikizanalumikizana, kaya gulu kaya sukulu kaya dziko lathunthu, sichisintha molunjika kuti wathira chakuti patuluka chakuti, chimatenthera pansi mwakachetechete kenako n'kusefukira. Anayankhula zambiri za masisitimu koma paja ana a ku Chanco akayamba sapuma.

Nde ndimati ndimve kwa inu, kodi fanizo la tiyili lili ndi nzeru kapena ndi zokamba za ana asukulu? Ndipo chachikulu, tibwerere ku bokosi kapena tilimbikire za foni zomwezi?

AnaTiyi_chaKuDepoti

Achemwali pepani ndi zimenezo. Mchimwene wanuyo ngakhale ali mwana wanena zoona, ine ndili ndi tiyirumu cha kudepoti ndipo poto amakhala pamoto kusanache, makondakitala ndi akabaza ndi amene amayamba kufika.

Poto wa mkaka ndi wachinyengo kuposa wa madzi. Madzi akamatentha amakuuza, amalira, timathovu timaoneka m'mbali. Mkaka umangokhala phee, pamwamba n'kupanga kakhungu kopyapyala kaja, ukayang'ana umati aa ukadali kutali ndimupatse kaye kasitomala chenji, potembenuka wakwera wonse fuuu, watayikira pa makala, phulusa m'mwamba, fungo la mkaka wopserera mpaka kumsewu. Chimachitika n'choti kakhungu kaja kamatsekera nthunzi, ilibe potulukira nde imanyamula zonse pamodzi. Mtsikana aliyense amene ndamulemba ntchito ndimayamba kumuuza zimenezi, chipande chisachoke m'poto, uzitakasa pafupipafupi kakhungu kasagwirane. Ndipo pa mbaula palibe batani lochepetsera moto ngati pa hotipuleti, ukachedwa chotsala ndi kuphula poto ndi manja ako omwewo, uzipsa uli iwe.

Manja m'mwamba amene mukunenawo anali kakhungu. Amayi akwathu kuno simukuwadziwa kodi? Pagulu munthu sangakane apampando atavomera kale, makamaka wopanda foni, anene bwanji pa anthu kuti ine foni ndilibe kapena meseji sinditha kuwerenga. Amakanenera kuchigayo ndi kumjigo, inu alembi simumva.

China ndi shuga. Amabwera bambo wina, wathira masupuni atatu, osatakasa, walawa akuti mayi shuga wanuyu ndi wa fake eti sakumveka, wathiranso awiri. Akafika pansi pa kapu n'kupeza phala lokhalokha la shuga, tiyi yense wamwa wosakoma ndipo shuga wanga wapita pachabe. Inunso lamulo munathira, koma anatakasa ndani? Alipo anapita kunyumba kwa agogo aja kukakhala nawo pamkeka kuwaonetsa kuti mukadina apa ndi apa ndalama yapita, ndipo meseji iyi ndi risiti yanu musaifufute? Ngati palibe, ndiye kuti lamulo linangokhala pansi pa kapu, amene ali ndi mafoni abwino akumva kukoma enawo akumwa madzi otentha.

Pomaliza masamba. Ine ndimathira madzi atawira kale ndipo sindiwasiyamo nthawi yaitali, mphindi zitatu kapena zinayi ndasefa. Akapitirira tiyi amawawa momanga mkamwa, ndipo kuwawa kumeneko ngakhale uthire theka la paketi ya shuga sikuchoka, kumangobisala. Kandalama kodula potapako mukanakambirana mwezi woyamba bwenzi ili nkhani ya mphindi zochepa, koma kanakhalitsa m'poto.

Sir_waPhysics

Mayi a tiyirumu mwandilanda ntchito kkkk, nditenga zimenezi ndikaphunzitsire Fomu 3. Ndingowonjezera pang'ono za madzi eni akewo chifukwa pali zinthu zimene timaziona tsiku lililonse koma osazilabadira.

Choyamba, zoti madzi amawira pa madigiri 100 ndi za m'mphepete mwa nyanja yamchere. Zomba tauni ili pamtunda wa mamita cha m'ma 900, nde kuno madzi amawira cha pa 97, mukakwera ku Ku Chawe amawira msanga kuposa pamenepo, cha m'ma 95, chifukwa mpweya wopanikiza pamwamba pa madzi umachepa mukamakwera. Poto yemweyo, madzi omwewo, koma posefukira pasintha chifukwa cha malo. Nde ngati munatengera za fonizi kwa gulu lina la ku Blantyre loti onse ndi apantchito, musadabwe kuti kwanu zawira msanga.

Chachiwiri ndi chimene chandigwira mtima pa nkhani yanu, mwati mabuku ankagwirizana. Mukaika choyezera kutentha chija, thermometer, m'poto, nambala imakwera mpaka madzi atawira, kenako imaima nji, ngakhale musonkhezere makala thumba lonse siyisunthanso. Koma si kuti palibe chikuchitika ayi, moto wonsewo ukupita kokasandutsa madzi kukhala nthunzi. Ndipo ntchito yaikulu ndi imeneyo, lita imodzi kuichotsa pa madigiri 25 kufika powira imadya mphamvu ya moto yokwana makilojuli cha m'ma 300, koma kuti lita yomweyo iphwe yonse pamafunika oposa 2,200, kuposa ka 7. Ndiye kuti nthawi imene chipangizo chanu chikuti zonse zili chimodzimodzi ndi imene madzi akutha m'poto. Buku la mlembi limayeza ndalama, siliyeza kuti anthu akukhulupirirana bwanji, nde linali kunena zoona koma pa funso lina.

Za kulira kwa ketulo kuja, phokoso limakula madzi asanawire, osati atawira. Pansi pamakhala patatentha kwambiri, timathovu ta nthunzi timanyamuka koma tikafika m'madzi a pamwamba oti sanatenthe timaphwa mwadzidzidzi, phokoso ndi limenelo. Madzi onse akatentha mofanana kulira kumachepa n'kuyamba kubwadamuka. Ine phokoso la pa mkumano wanu ndikulimva chonchi, pansi panatentha kalekale pamwamba pasakudziwa. Silikutanthauza kuti gulu latha.

Komaliza ndi kamasewera, kayeseni mawa m'mawa. Musasefe tiyi, takasani mozungulira n'kuchotsa supuni. Nzeru imati masamba athawire m'mbali mwa kapu, koma mudzawapeza aunjikana pakati penipeni, pansi. Albert Einstein anafotokoza zimenezi mu 1926, madzi a pansi amachedwa chifukwa akukhuzana ndi kapu nde pamabadwa kuzungulira kwina kobisika, kotsikira m'mbali n'kukokera zonse pakati. Ndipo iye ankafotokoza chifukwa chake mitsinje imakhotakhota, kugumula gombe lakunja n'kusiya mchenga mbali yamkati, zimene mungazione pa Likangala akamatsetserekera ku Chilwa. Wotakasa amafuna zinthu zimwazikane, zokha zimakasonkhana pena pake. Nde funso langa kwa alembi, chiyambireni za foni, mphamvu ndi tindalama todulidwato zinakaunjikana kwa ndani?

Mphunzitsi_wopuma_Domasi

Mwana wanga mlembi, ine ndine wachikulire nde ndikamba zakale pang'ono, mundipirire.

Tiyi amene ndimamudziwa bwino ndi wa pamaliro. Mwaphika wa anthu ochepa, mwadzidzidzi lole yafika ndi achibale a kumudzi, chimene amayi amachita ndi kuthira madzi m'mgolo, masamba omwewo shuga yemweyo. Aliyense amalandira kapu yake ndithu palibe wodandaula poyera, koma mtundu wake umangofiirira pang'ono.

Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale tinamwa tiyi ameneyo. Ana a ku pulayimale analipo pafupifupi 1.9 miliyoni m'dziko muno, temu yotsegulira anafika cha m'ma 3 miliyoni. Ine ndinali m'kalasi nthawi imeneyo, anabwera ana ena misinkhu yoti akanakhala mu Sitandade 6 kudzayamba Sitandade 1, ena atabereka ang'ono awo kumbuyo, makalasi anali pansi pa mitengo ya mango bolodi titalitsamiritsa pa thunthu, mvula ikabwera sukulu yaweruka. Boma linalemba aphunzitsi masauzande osapita ku koleji, kuwaphunzitsa masabata ochepa basi n'kuwapatsa choko, maphunziro enieni anadzawapeza ali kale pantchito. Lamulo linasintha tsiku limodzi, koma mphunzitsi samera tsiku limodzi, kalasi simangidwa tsiku limodzi, buku silisindikizidwa tsiku limodzi. Walira mvula walira matope. Koma musandimve molakwa, sindikuti analakwitsa kutsegula chitseko, ambiri amene mukulemba panonu mwina simukanadziwa kugwira pensulo. Ndikungoti madzi anafika msanga masamba akadali m'njira, ndipo mpaka lero makalasi a ana aang'ono ndi odzaza.

Onaninso za makhansala. Lamulo la maboma ang'onoang'ono linadutsa mu 1998, tinavotera makhansala mu 2000, nthawi yawo itatha mu 2005 dziko linakhala opanda khansala ndi mmodzi yemwe mpaka 2014. Pa pepala mphamvu zinali ku anthu zaka zonsezo. Ngakhale Zomba yathu yomweyi, likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975 koma aphungu anapitiriza kukumana konkuno kwa zaka pafupifupi 20. Chilengezo chimathamanga, zinthu zimabwera pambuyo chokwawa, china lero china zaka khumi.

Nde kwa inu ndingati musafunse kaye kuti bokosi kapena foni. Werengani kuti ndi angati ali ndi foni yawoyawo, angati amawerenga okha meseji, angati amayenda mtunda kuti apeze ejenti. Masamba anu ndi amenewo, muone ngati akukwana madzi amene munathira.

WaMatemba_Kachulu

Ine nde nditsutsako pang'ono, akuluakulu mundikhululukire. Fanizoli ndi lokoma kumva koma likubisa chinthu chachikulu. Shuga alibe maganizo, sakana kusungunuka, sachita kaduka, sakumbukira kuti chaka chatha supuni inamunyoza. Ndipo pa tiyi wophika ndi mmodzi ndipo ali kunja kwa poto. Pa banki mkhonde aliyense ndi wophika komanso aliyense ali m'poto momwemo, alembi inu nomwe muli momo, nde mukapita khomo ndi khomo kukatakasa monga akunenera mayi a tiyirumu ena aziti mlembi akuchita kampeni ya mbali yake. Supuni nayo ili ndi mbali.

Komanso si zonse zimayamba kutenthera pansi pang'onopang'ono. Mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti panalibe zodikira kuti ketulo ilire kaye, mitengo m'magolosale inasintha sabata yomweyo, shuga yemweyo ndi mkaka womwewo. Zinthu zopweteka wosauka zimafika pa liwiro la minibasi, zomuthandiza nde zimene timauzidwa kuti dekhani zikusungunuka.

Mukafuna chitsanzo chenicheni bwerani kuno ku Chilwa. Nyanjayi ilibe mtsinje wotuluka ndipo ndi yosaya, madzi amalowa kuchokera ku Likangala, Domasi, Phalombe ndi ina, amachoka ndi dzuwa basi. Mvula ikavuta zaka zotsatizana imabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono kenako n'kuphwa, zinachitika mu 1968, mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anagona pamatope pa Kachulu pompano. Koma imabwerera, ndipo nsomba zimabwerera chifukwa zina zimapulumukira m'maiwe a m'mitsinje ndi m'madambo, madzi akadzaza zimatsika n'kuswana. Pamenepo nde pamaonekera kuti anthu si shuga, chifukwa wina amapita kukakokolola nsomba zothawira m'maiwemo, mbewu yeniyeniyo, poti ana ake agona ndi njala lero. Umuuza chani za sisitimu?

Funso la a Sir lija ndi limene lili ndi nyama, ine ndilifunsa mosazungulira. M'gulu mwanumo alipo amene ali ndi kabenchi ka ejenti, kapena mwamuna wake? Ngati alipo yambirani pamenepo.

MwanaWaMuEsiteti

Ndingolowererapo pa funso lobwerera ku bokosi lija, ine ndinakulira ku Mulanje makolo ankagwira ntchito ya tiyi, kumene minda yake inayamba cha m'ma 1891. Tsamba limathyoledwa lobiriwira, masamba awiri ndi kansonga. Ku fakitale amaliyanika lifote, makina amaliduladula, kenako amalisiya pa mpweya ndipo lokha limasintha kuchoka kobiriwira kupita kofiirira, fungo la tiyi limabadwa pamenepo. Luso lonse ndi kudziwa nthawi yolilowetsa mu dulaya, makina oumitsira, kuti kusinthako kuime, ukafulumira tiyi alibe mphamvu ukachedwa wafa. Koma palibe makina obwezera tsamba kukhala lobiriwira.

Mukabwerera ku bokosi simupeza gulu lakale lija. Ana anadziwa kale ndalama za amayi awo, msungichuma analawa kale kugona tulo nde mumupatsanso bokosi avomera? Ndipo mawu amene anatuluka pa mkumano anamveka. Madzi akatayika saoleka achemwali. Bokosi mukhoza kulibweza koma likhala lamulo latsopano lachitatu, lofunanso kukambirana kwake.

MlembiWaBanki_Chinamwali

Zikomo nonse, ndawerenga kawirikawiri mpaka bandulo kutha. Achimwene a ku Kachulu mwalasa, alipo awiri, wina ali ndi kabenchi yekha wina ndi mwana wake, ndipo amene anabweretsa ganizo la foni ndi mmodzi mwa iwowo. Sindikuti anali ndi cholinga choipa, za akubazo ndi zoona ndithu, koma pafupifupi tonse timatapira kwa iwo nde komishoni yonse ya gulu imathera makomo awiri, ndipo amayi ena anaziona kalekale.

Ndayankhula ndi apampando madzulo ano. Khomo ndi khomo sindipita ndekha, tipita awiriawiri, mmodzi wa mbali ya foni mmodzi wa mbali ya bokosi, ndipo tikachita kalembera amene anena aphunzitsi aja. Ganizo limene lilipo ndi loti masheya ang'onoang'ono abwerere pa mkeka anthu aziona ndalama ikuwerengedwa mokweza ngati kale, ikatha kubwerekedwa tsiku lomwelo bokosi lizipita kunyumba lopanda kanthu, yotsala yokha nde izisungidwa pa foni ya gulu yoti pini yake asamaidziwe munthu mmodzi. Za ndalama yodula potapa sitinagwirizane, apampando akuti wobwereka ine ndikuti ichoke ku thumba la chiwongoladzanja.

Alipo amene gulu lawo limagawana manambala a pini pakati pa anthu atatu? Zimayenda bwanji mmodzi akapita kumaliro kumudzi sabata yathunthu?